Ananyamula hema ndani? Kuwerenga Van der Post ndili m'munda wa tiyi

Kwathu ku Thyolo, mvula ikagwa usiku n'kucha kopanda mtambo, phiri la Mulanje limaoneka ngati lasendera pafupi. Ukaima pamtunda m'munda wa tiyi umaliona lonse chakum'mawa uko, lobiriwira modera, mpaka umadzinamiza kuti ungafikeko wapansi njala isanakupweteke. Ndakula ndikuliona chonchi. Koma ndinalikwera koyamba ndili ndi zaka 26, nditamaliza kale maphunziro ku Zomba, ndipo ndivomere manyazi anga: chimene chinandikweza phirilo si nthano za agogo ayi, koma buku la mzungu.

Bukulo ndi Venture to the Interior la Laurens van der Post, lomwe linatuluka ku London mu 1952. Ndinaligula pa kaunjika wa mabuku ku Limbe, chikuto chili chothothoka, masamba atachita chikasu ngati fodya wa m'chigafa. Ndaliwerenga katatu. Ulendo woyamba linandigwira mtima, wachiwiri linandikwiyitsa, wachitatu uno ndi umene wandikhazika pansi kuti ndilembe, chifukwa ndazindikira kuti mlandu umene ndimafuna kumuzenga mkuluyu ukundikhudza ndi ine ndemwe.

Kwa amene simunaliwerenge, nkhani yake ili motere. Van der Post anali wa ku South Africa, wobadwa mu 1906, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anagwidwa ukaidi ndi asilikali a Japan ku Java. Mu 1949 anatumidwa kuchokera ku London kuti adzayendere mapiri awiri a Nyasaland, Mulanje ndi Nyika, n'cholinga choona ngati angathandize pa ulimi ndi ziweto. Inali ntchito ya lipoti basi. Koma iye anabwerako ndi buku lomwe linagulidwa kwambiri ku Ulaya ndi ku America, ndipo anthu ambiri akunja anayamba kumva za Mulanje kudzera m'bukuli.

Bukuli silifulumira kufika paphiri. Limayamba ndi mbiri ya makolo a mlembi, kenako ulendo wautali wa pandege kuchoka ku England mpaka ku Blantyre, ndipo ngati mumawerenga pa foni bandulo ikutha, gawo limeneli mukhoza kulidumphadumpha osataya kanthu kwenikweni. Moyo wa bukuli uli pa Mulanje. Kumeneko mlembi akumana ndi mnyamata woyang'anira nkhalango, yemwe m'bukumo akutchedwa Vance, akukhala ndi mkazi wake ndi khanda m'kanyumba ka pa Chambe. Anyamuka limodzi ndi mkulu wina wa zankhalango, yemwe akutchedwa Quillan, kuyendera phirilo kwa masiku angapo, amtengatenga ali pambuyo ndi katundu. Chiperoni chiwatsekera. Afika pamtsinje wodzadza m'chigwembe cha Ruo, Vance adzimanga chingwe kuti ayambe ndiye kuoloka, madzi amukokolola n'kumugwetsera kuphompho, chingwe n'kuduka. Munthuyu analikodi. Dzina lake lenileni linali Fred France, ndipo mpaka lero pa Chambe pali kanyumba kotchedwa France's Cottage.

Ndisanayambe kumukalipira, ndimupatse zake Van der Post. Munthuyu ankadziwa kulemba nyengo. Ife a ku Thyolo chiperoni timachidziwa bwino: kamvula kosalekeza kaja ka mwezi wa June ndi July, kochokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, kamene kamanyowetsa mpaka mumtima, zovala osauma sabata yonse. Timachitenga ngati chinthu chongotopetsa, chabwino ku tiyi, choipa ku chifuwa. M'bukuli ndi mmene ndinaona koyamba kuti chiperoni chomwechi pamwamba pa phiri chimapha. Mlembi amachilemba chikubwera pang'onopang'ono, njira ikuzimirira, mitsinje imene dzulo unkaidumpha lero ikubangula. Amalembanso bwino za mkungudza, fungo lake pamoto ndi ukalamba wake. Ndipo imfa ya Vance sanaikometsere. Imachitika mwachangu, mopusa, monga mmene ngozi zenizeni zimachitikira, kenako pamabwera ntchito yowawa yokauza mkazi wake. Masamba amenewo ndi amphamvu, ndipo amene anganene kuti bukuli n'lachabechabe chifukwa analemba ndi mtsamunda ndiye kuti sanaliwerenge.

Vuto langa lili pamphepete pa mtsinje paja. Sipanali azungu atatu okha. Panali gulu la amuna a kuno kwathu, atanyowa, akunjenjemera, katundu ali pamutu. Iwonso anaona chingwe chikuduka. Iwonso anayenera kubwerera m'njira yoterera ija ndi mantha omwewo, kuonjezapo mtolo. Koma bukuli likatha, zimene ukudziwa ndi maloto a mlembi, ukaidi wake ku Java, mmene mtima wake unkamuuziratu kuti kubwera zoipa, chikondi cha Vance ndi mkazi wake. Za amuna aja ukudziwa kuti ankazizidwa ndipo ankanyamula. Anachokera mudzi uti? Ankalankhula Chilomwe, Chiyao kapena Chimang'anja pakati pawo? Analipo amene anati tisaoloke pano? Atafika kwawo anakafotokoza chiyani? Mlembi yemwe amatha masamba ambiri kufufuza za mumtima mwake analibe chidwi chofunsa zimenezi.

Chondipweteka kwambiri n'choti Van der Post sanali mzungu wodana ndi anthu akuda. Anatsutsa tsankho kuyambira ali mnyamata, ndipo buku lake loyamba, In a Province la mu 1934, likukamba zomwezo. Mu Venture to the Interior amatiikira kumbuyo ndithu. Koma taonani mmene amachitira: amati mzungu amadana ndi munthu wakuda chifukwa amaona mwa iye mbali ya mzimu wake womwe imene anaikana. Zikumveka zakuya, eti? Koma ukaziganizira bwino, ndiye kuti agogo athu aja asanduka chipinda china m'nyumba ya mzimu wa mzungu. Ngakhale mutu wa bukulo uli ndi matanthauzo awiri, kulowa mkati mwa Africa ndi kulowa mkati mwa iye mwini, ndipo tanthauzo lachiwirili ndi limene limapambana. Phiri lathu ndi galasi lodziyang'anira. Mu 2001 mtolankhani J.D.F. Jones anatulutsa mbiri ya moyo wa Van der Post yotchedwa Storyteller, momwe anaonetsa kuti mkuluyu ankakonda kuthira mchere nkhani za moyo wake. Zimenezo sizinandidabwitse. Munthu amene amaona dziko lonse ngati nkhani yonena za iye sachedwa kuyamba kuikonzakonza.

Khalidwe limeneli si la Van der Post yekha, ndipo kuti ndilione bwino ndinachita kuchoka pa Mulanje n'kupita kutali, ku Peru, kudzera m'buku lina la nthawi yomweyo. Mu 1948, chaka chimodzi Van der Post asanakwere Mulanje, Hiram Bingham wa ku yunivesite ya Yale ku America anatulutsa Lost City of the Incas, kufotokoza mmene akuti anatulukira mabwinja a Machu Picchu pa 24 July 1911. Mzindawu unamangidwa ndi Ainka cha m'ma 1450, mu ulamuliro wa Pachacuti, paphiri lotalika mamita pafupifupi 2,430. Inde, Sapitwa wathu, wa mamita 3,002, ndi wamtali kuposa pamenepo.

Tsono tamvani za mzinda wotayikawo. Bingham anauzidwa za mabwinjawo ndi mlimi wa m'deralo, Melchor Arteaga, yemwe anamukweza phirilo n'kulipidwa ndalama imodzi ya siliva. Atafika pamwamba anapeza mabanja a alimi, a Richarte ndi a Alvarez, akulima chimanga ndi mbatata pa migula yomwe Ainka anamanga. Amene anamuyendetsa m'mabwinjamo anali kamnyamata ka pabanja limodzi mwa mabanjawa. Pakhoma lina panali patalembedwa kale ndi makala dzina la Agustín Lizárraga ndi chaka cha 1902. Ndiye mzinda unatayika kwa ndani? Anthu ankagonamo, akulimamo, akuyanikamo zovala. Komabe magazini ya National Geographic inapereka kope lonse la April 1913 ku nkhaniyi, ndipo lero msewu wokwera ku Machu Picchu ndi sitima yapamwamba yopita kumeneko zili ndi dzina la Bingham. Chosekesa n'choti mfundo yaikulu ya buku lake inali yolakwika: ankakhulupirira kuti wapeza Vilcabamba, likulu lomaliza la Ainka, pamene Vilcabamba weniweni ali ku Espíritu Pampa, malo amene iye mwini anafikako chaka chomwecho n'kuwapeputsa.

Bingham ndimamupatsa ulemu pa chinthu chimodzi: mayina a Arteaga, Richarte ndi Alvarez tikuwadziwa chifukwa iye anawalemba. Pamenepa anamuposa Van der Post. Koma kulemba dzina la munthu n'kumusiya ngati chikwangwani cholozera njira sikufika patali. M'mabuku onse awiriwa, amene akudziwa njira ndi wina, amene akunyamula ndi wina, koma ulendo ndi wa amene wagwira cholembera.

Lero anthu amapita ku Machu Picchu wapansi pa njira yakale ya Ainka, masiku anayi, makilomita pafupifupi 43, kudutsa pampata wa Warmiwañusqa pa mamita 4,215, n'kukalowera pa chipata cha Inti Punku m'mamawa wa tsiku lomaliza. Sungayende wekha, lamulo limafuna gaidi wovomerezeka. Boma la Peru limalola anthu 500 okha kuyamba njirayi pa tsiku, ndipo oposa theka la anthuwa si alendo ayi, ndi mapota, ophika ndi magaidi, ambiri mwa iwo alimi olankhula Chiquechua ochokera m'midzi ya m'mapiri. Mitolo inkalemera mopanda chifundo mpaka mu 2001 anachita kukhazikitsa lamulo loika malire, ndipo masiku ano katundu wa mapota amayezedwa pa sikelo poyambira ulendo. Fufuzani zithunzi za njirayi pa Instagram muone. Mupeza mlendo atatambasula manja pamwamba pa mitambo, yekhayekha, ngati wagwa kuchokera kumwamba.

Nkhani ya sikeloyi itandipeza ndinaika foni pansi. Mayi anga athyola tiyi zaka zambiri pa esiteti ina kuno ku Thyolo, dengu kumsana, masamba awiri ndi kansonga, kuyambira mame asanaume. Madzulo ake ndi mzere wa pa sikelo, kalaliki akulemba makilo pafupi ndi nambala yawo. Ndipo zithunzi zokopa alendo za kwathu kuno mukuzidziwa: munda wobiriwira ngati kapeti, Mulanje kumbuyo, mzimayi wa dengu akumwetulira chapatali. Pansi pa chithunzi pamalembedwa dzina la esiteti ndi la wojambula. Mbiri ya tiyi nayo imakambidwa chimodzimodzi. Timamva kuti Henry Brown anabzala tiyi pa Lauderdale ku Mulanje mu 1891, kuti Maclean Kay anayambitsa Satemwa mu 1923, ndipo ndi zoona. Koma Alomwe amene anaoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi n'kudzagwa m'manja mwa thangata, amene anazula zitsa n'kukumba maenje onsewo, amalowa m'mbiri ngati chiwerengero. Choncho pamene ndikuwerenga za amtengatenga a Van der Post, sindikuwerenga za anthu achilendo.

Ngakhale mkungudza wa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, dzina lake la sayansi ndi Widdringtonia whytei, kutengera Alexander Whyte yemwe anautola paphiripo mu 1891. Amuna amene kwa zaka zambiri ankatsika ndi matabwa ake pamutu m'njira zimene ife timakwawa ndi manja, palibe mtengo umene unatchedwa dzina lawo. Nawo mabwinja tili nawo: Fort Lister, pampata wa pakati pa Mulanje ndi Mchese, yomangidwa mu 1893 kutsekera njira ya ogula akapolo. Makoma otsalawo amatchedwa dzina la mzungu, miyala yake anasenza ndi ena.

Kodi nkhani ya ulendo wa paphiri ingakambidwe mwanjira ina? Ingatheke, ndipo chitsanzo chake chinajambulidwa pa Mulanje pomwepa. Mu July 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, anakwera Sapitwa, anabweza gaidi wake n'kupitirira yekha, nyengo inasintha, ndipo anamwalira ndi kuzizira. Thupi lake linapezeka patapita masabata oposa awiri. Mu 2017 mnzake wa kusukulu, Fellipe Barbosa, anatulutsa filimu yotchedwa Gabriel and the Mountain, yomwe inaonetsedwa ku Cannes. Nayonso ndi nkhani ya mlendo wofera paphiri lathu, ndipo pakati pake pali mlendoyo, sindikukana. Koma Barbosa anachita chinthu chimene Van der Post sanachiganize: anabwerera m'njira yonse imene mnzake anayenda, ku Kenya, Tanzania, Zambia ndi Malawi, n'kufunafuna anthu enieni amene anakumana naye, ndipo ambiri a iwo akusewera monga iwo eni, ndi mawu awo akufotokoza mmene amamukumbukira. Filimuyo imayamba ndi amuna a kuno akumweta udzu paphiri. Sibisanso kuti Gabriel, ngakhale anali wansangala ndi wokonda anthu, anali ndi kamwano kena, kodziona ngati si mlendo wamba woti n'kuuzidwa zochita. Ukaionera umatuluka ukudziwa kuti panali munthu amene ankadziwa phirilo, ndipo sanamveredwe. M'buku la Van der Post funso limenelo silifunsidwa n'komwe.

Tsopano ndifike pa mlandu wanga. Chaka chomwe ndinawerenga bukuli kachiwiri, ndili ndi ukali wonse wa munthu amene wangophunzira kumene mawu akuluakulu a ku yunivesite, ndinakwera Mulanje ndi anzanga atatu. Masiku anayi, ngati a ku Peru aja. Tinayambira pa Likhubula ndi gaidi mmodzi ndi mapota awiri, tinagona pa Chambe, kenako pa Chisepo, tsiku lachitatu n'kulimbana ndi Sapitwa. Chikwama changa chachikulu sindinachinyamule ngakhale ola limodzi. Mnyamata amene anachisenza anali wamng'ono kwa ine, atavala nsapato zapulasitiki, ndipo ankafika pamalo opumira ife tisanafike n'kuyamba kuwiritsa madzi. Ine m'kachikwama kakang'ono ndinali ndi madzi, foni ndi buku la Van der Post, kuti ndikaliwerengere pakhonde la France's Cottage n'kudzijambula. Ndinaterodi.

Gaidi wathu anali bambo wachikulire, wosalankhulalankhula. Ankanditchula kuti bwana, ine n'kumamva kukoma ndi manyazi nthawi imodzi. Usiku pa Chisepo anatiuza zimene aliyense wa kuno anamvapo, kuti ukapeza chakudya chokonzedwa kale paphiri uzingodya osaitana mnzako, ndi kuti dzina loti Sapitwa silinangoperekedwa mwamasewera. Ife tinaseka pang'ono, mwaulemu. M'mawa mwake tili pakati pa miyala ikuluikulu ija yomwe umachita kukwawa pansi pake, anaima n'kuyang'ana kum'mwera kwa nthawi yaitali. Kenako anati tikhale pansi. Kumwamba kunali koyera. Ine ndinayamba kuwiringula, kuti nthawi ikutha, kuti talipira, kuti tikufuna tikafike dzuwa lisanapendeke. Anangoti, "Bwana, dikirani kaye." Sipanathe mphindi makumi awiri, nkhungu inatikuta moti mnzanga amene anali mamita asanu kuchokera pamene ndinali ndinkangomumva mawu. Tinakhala pansi pa thanthwe mpaka inadutsa. Ndikanakhala ndekha, nthawi imeneyo ikanandipeza pamwala wotsetsereka wopanda pogwira.

Tinafika pansonga. Ndinajambulitsa nditatambasula manja, mitambo ili pansi panga, minda ya tiyi ikuoneka ngati timabala tobiriwira kutali. Titatsika ndinaika chithunzicho pa Facebook n'kulemba kuti ndamugonjetsa Sapitwa. Anthu anachikonda kwambiri. M'chithunzimo ndili ndekha, chifukwa amene anagwira foni ndi bambo aja.

Mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika Mulanje pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, ndipo chifukwa chimene anapereka si kutalika kwa phirilo kapena azungu amene analiyendera, koma chikhalidwe ndi zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alomwe amene amalilemekeza ngati malo a mizimu. Alendo achuluka, ndipo ambiri a iwo tikhala ife tomwe, achinyamata a m'tauni okhala ndi mafoni abwino, amene tayamba kukonda zokwera mapiri pa wikendi. Nkhani za Mulanje zimene zikulembedwa lero zili pa sitetasi, pa TikTok ndi pa mabulogu ngati ino. Ndaziwerenga zambiri, ndi yanga yomwe, ndipo kalembedwe kake ndi ka Van der Post ndithu, kungochotsapo luso: ine ndinatopa, ine ndinalimba mtima, ine ndinadzipeza ndekha paphiri. Mapota timawakumbukira pa mpikisano wawo wothamanga wa chaka ndi chaka, pamene amadutsa mu maola ochepa mtunda umene ife timayenda masiku awiri, kenako timawabwezera kumbuyo kwa kamera.

Buku limene ndikulilakalaka ndi la ulendo womwewo wa 1949, koma wokambidwa ndi mmodzi wa amuna amene anaima pamphepete pa Ruo, m'Chichewa chosakanikirana ndi Chilomwe, mmene akanafotokozera mkazi wake atafika kunyumba. Steve Chimombo anatenga Napolo, chilombo cha pansi pa phiri chimene chimagumula nthaka, n'kumusandutsa mutu wa ndakatulo zake, ndipo anatisonyeza kuti phiri likhoza kulembedwa kuchokera mkati mwa anthu okhala m'tsinde mwake. Amene anaona Phalombe mu 1991, kapena zimene namondwe Freddy anachita mu March 2023, safuna mlendo woti awauze kuti phirili lili ndi mphamvu. Chikusowa ndi wokhala nawo pansi n'kumvetsera nthawi yaitali.

Polemba nkhani ino ndinafuna kutchula gaidi uja, kuti ndisachite zimene ndikudzudzula. Ndinatsegula foni kufufuza nambala yake. Ndinaipeza, nditaisunga kuti "Gaidi Mulanje". Mapota awiri aja ndilibe ngakhale nambala zawo. Ndinaimba Lachiwiri madzulo, anayankha ali pamsika, phokoso lili kumbuyo. Tinapatsana moni, anandikumbukira, anafunsa za anzanga aja ndi bondo langa lomwe linkavuta potsika. Kenako ndinalimba mtima.

"Bambo, pepani kwambiri, dzina lanu lija ndi ndani?"

Anaseka nthawi yaitali ndithu, osati mokwiya.

"Aa, bwana. Ndinakuuzanitu pa Likhubula paja, tisananyamuke. Munali mukujambula chikwangwani."